Masika Ndi Nthawi ya Mizu

 Moni inu a kumudzi, amene mwayamba kuotcha mondokwa ndi kuphika maungu. Moni wapadera kwa inu abale athu muli ku Joni, ku Pretoria ndi ku Cape Town. Ndikunena inu amene mumadzuka mbandakucha, kukwera takisi, kukagwira ntchito m'magadeni a eni ake. Nkhani ya lero ndi yanu kwambiri. Koma inu a kumudzi musasunthe wailesi, chifukwa kumapeto ndibwera pakhomo panu.

Lero tikamba za maluwa. Osati maluwa aliwonse ayi, koma maluwa okhalitsa. Tikamba za kuwabzala ndi kuwasamalira m'nyengo ino ya masika, imene masamba a mitengo akuyoyoka. Mawu amene ndikufuna mupite nawo ndi ochepa. Masika ndi nthawi ya mizu. Ndiwabwereza kangapo, ndipo pofika kumapeto mudziwa chifukwa chake.

Tiyambe ndi funso. Kodi duwa lokhalitsa n'lotani?

Ganizani za chimanga ndi nthochi. Chimanga timabzala ndi mvula yoyamba, timakolola, phesi n'kuuma. Chaka chamawa tiyambanso ndi mbewu ina. Nanga nthochi? Munabzala kamodzi kuseri kwa nyumba. Mwadula mkoko, tsinde lagwa, koma pansi paphuka ana. Ana aja abereka adzukulu. Mwina nthochi imene mukudya lero anabzala ndi agogo anu.

Maluwa alinso chimodzimodzi. Pali ena amene ali ngati chimanga. Inu a ku Joni mumawadziwa: pansy, viola, primula, aja abwana amagula m'timatileyi ku nazale mwezi uno. Amakongola miyezi yochepa, kenaka mumawazula. Ndiye pali ena amene ali ngati nthochi. Agapanthus, wa maluwa abuluu kapena oyera pamwamba pa phesi lalitali, amene amakongoletsa mipanda nthawi ya Khirisimasi. Clivia, wa maluwa a mtundu wa lalanje, wokonda mthunzi. Red hot poker, wooneka ngati chikuni cha moto. Awa ndiwo okhalitsa. Mphamvu yawo sili m'duwa ayi. Ili pansi, m'mizu ndi m'phata.

Ndipo dziwani ichi. Maluwa atatu ndatchulawa kwawo ndi kuno ku Africa. Agapanthus amamera yekha m'mapiri ndi m'madambo a kumwera kwa Africa. Clivia amamera pansi pa mitengo m'nkhalango za ku KwaZulu-Natal ndi Eastern Cape. Azungu anachita kuwatenga kuno kupita nawo kwawo. Choncho pamene mukuwasamalira, simukusamalira mlendo. Mukusamalira mwana wa nthaka yomwe mwapondapoyo.

Tsopano tibwere ku nyengo. N'chifukwa chiyani ndikuti mubzale pano, pamene dzuwa likuchepa mphamvu?

Inu a ku Johannesburg, tayang'anani zimene zikuchitika. Mabingu aja a masana aliwonse ayamba kusowa. M'mbali mwa misewu yopita ku Mpumalanga ndi ku Free State, maluwa a cosmos aphulika, oyera ndi apinki. M'mawa mukufuna juzi. Masamba a mitengo ya oak ndi ya plane asanduka achikasu, ayamba kudzaza m'misewu. Munthu akhoza kuganiza kuti gadeni yagona, ntchito yatha. Koma lowetsani chala m'dothi. Mumva chiyani? Dothi n'lofunda.

Amayi, inu mukudziwa bwino za mafuwa. Moto wazima kalekale, nsima yadyedwa, mbale zatsukidwa. Koma khudzani fuwa. Likadali lotentha. Nthaka ilinso choncho. Yakhala ikuwotha dzuwa miyezi yonse ya dzinja. Mpweya umazizira msanga, koma nthaka imachedwa. Ndiye m'mwezi wa Malichi ndi Epulo timakhala ndi zinthu ziwiri pamodzi. Pamwamba pali kamphepo kozizirira, pansi pali kufunda ndi chinyezi cha mvula yomaliza.

Mbewu yongowokeredwa kumene imafuna zomwezo. Dzuwa siliiwotcha. Masamba sataya madzi ambiri. Siikuthamangira kuchita maluwa. Mphamvu yake yonse ikupita pansi. Mizu ikuyenda, ikugwira dothi, pamene inu simukuona kanthu. Pofika Sepitembala, kukayamba kufunda, duwa lija limakhala litakhazikika kale. Limadzuka ngati mwini mudzi. Yerekezani ndi lina lobzalidwa mu Okutobala, dzuwa lili phwee, mphepo youma ikuwomba. Limenelo liyenera kumera mizu, kutulutsa masamba ndi kulimbana ndi kutentha, zonse nthawi imodzi. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Kwa duwa lokhalitsa, poyamba pake ndi pa masika.

Koma apa ndichenjeze, chifukwa Johannesburg si Cape Town. Ku Cape Town mvula imagwa nthawi yachisanu. Mukabzala mu Epulo kapena mu Meyi, mitambo imakuthandizani kuthirira. Kumeneko masika ndiyo nthawi yeniyeni yobzala pafupifupi chilichonse. Ku Johannesburg zinthu n'zosiyana. Mzindawu uli pamwamba kwambiri. Nyengo yachisanu imakhala youma, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa usiku, kapinga n'kuyera kuti mbuu ngati wawazidwa ufa. Ndiye inu a ku Joni musachedwe. Bzalani mu Malichi kapena mu Epulo, kuti mizu ikhale ndi mwezi ndi theka chisanu chisanafike. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo maluwa oopa chisanu, aja a masamba ofewa odzaza madzi, asiyeni kaye. Amenewo adikire Sepitembala.

Tamva za nyengo. Tsopano tilowe m'ntchito yeniyeni. Ntchito yoyamba ya masika, imene ine ndimaikonda kuposa zonse, ndi kugawa maphata.

Tiyeni titenge agapanthus. Pitani mukaime pafupi ndi phata lakale. Mukuona chiyani? Masamba athinana. Mizu yoyera, yonenepa ngati zala, yatulukira pamwamba pa dothi. Pakati pa phata pauma. Chaka chatha maluwa anali ochepa kusiyana ndi kale. Phata limenelo likukuuzani kuti m'nyumba mwachepa. Ana akula, akufuna malo awo.

Komabe musathamange. Agapanthus amakonda kuthinana pang'ono. Mukamamuzula chaka ndi chaka, amangokupatsani masamba, maluwa osaoneka. Zaka zinayi zikadutsa, pamenepo ndiye mwayenera kumugawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku logawa likayandikira, thirirani phatalo dzulo lake. Dothi lonyowa limamasula mizu mosavuta. M'mawa, kukadali kozizira, tengani foloko. Ndati foloko, osati khasu. Khasu limadula mizu imene mukuifuna. Kumbani mozungulira, motalikirako ndi tsinde. Tukulani pang'ono mbali iyi, pang'ono mbali iyo, mpaka phata lonse lizuke. N'lolemera, ndikuuzeni. Ngati muli awiri, thandizanani, musathyole msana.

Mwalitulutsa. Gwedezani dothi kuti muone pamene ana alumikizana. Ena mutha kuwapatula ndi manja. Pamene palimba, tengani fosholo yakuthwa kapena chikwanje, mudule kamodzi mwamphamvu. Musamacheke mobwerezabwereza ngati mukupala nsomba. Bala limodzi loyera limapola msanga.

Apa pali chinthu chimene ambiri amalakwitsa. Amafuna mbewu zambiri, ndiye amagawa tizidutswa ting'onoting'ono, kamwana kamodzi kamodzi. Tidzamera ndithu, koma mudzadikira nthawi yaitali musanaone duwa. Chidutswa chilichonse chikhale ndi ana atatu kapena anayi, ndi mizu yake yokwanira. Pakati pouma paja, tayani pa mulu wa manyowa. Kenaka dulani masamba ndi theka. Chifukwa chiyani? Mizu yachepa, singathe kumwetsa masamba onse aja. Mumachita zomwezo powokera mwana wa nthochi, si choncho? Mumasadza masamba kuti asamwe madzi amene mizu sinayambe kutunga.

Bzalani tsiku lomwelo. Mizu ya agapanthus isagone padzuwa. Ngati abwana akuitanani kuti mukatsuke galimoto, ikani zidutswazo pamthunzi, muziphimbe ndi thumba lonyowa. Ndipo valani magolovesi, chifukwa utomoni wake umayabwa pakhungu la anthu ena.

Ndisanachoke pa agapanthus, ndinene za mbale wake wina. Pali mtundu umene sutaya masamba chaka chonse. Umenewo ndiwo tagawa uja. Koma pali mtundu wina, wochokera m'madera a udzu kumene mvula imagwa nthawi yotentha. Umenewu chisanu chikayandikira, masamba amachita chikasu n'kuuma onse. Pamwamba sipatsala kanthu. Sunafe ayi, wagona. Umenewu musaugawe pano. Dikirani mpaka kumayambiriro kwa nyengo yofunda, usanayambe kuphuka. Ndipo zikani kamtengo pamene uli. Mukapanda kutero, mu Julayi munthu wina adzaona malo opanda kanthu, adzabwera ndi fosholo, n'kudula phata lamoyo pakati.

Nanga tingadziwe bwanji duwa logawa pano ndi losagawa? Lamulo lake n'losavuta. Duwa limene lamaliza kuchita maluwa m'dzinja lapitali, ligaweni, kupatula agapanthus wogona uja. Duwa limene likukonzekera kuchita maluwa nthawi yachisanu kapena chikangotha, lisiyeni. Ndibwereze. Lomwe lamaliza ntchito, ligaweni. Lomwe likukonzekera, lisiyeni.

Wild garlic, kaja ka maluwa ofiirira konunkhira adyo, gawani. Wild iris wa masamba ngati lupanga, gawani. Daylily, gawani. Koma clivia musamukhudze.

Za clivia ndikunena zimene ndinaziona ndi maso anga. Chaka changa choyamba kugwira ntchito m'gadeni, pansi pa mtengo wina waukulu panali maphata akale a clivia. Ndinaona masamba aatali obiriwira, ndinati ameneyu ndi agapanthus basi. Ndinazula onse mu Epulo, ndinagawa, ena ndinakawabzala padzuwa pafupi ndi geti. Ndinkafuna kuchita zabwino. Pofika Sepitembala, m'magadeni a anzathu clivia anali lawilawi. Kwathu kunalibe ndi duwa limodzi lomwe. Aja a pageti masamba anapsa, anayera ngati pepala. Mayi wa panyumbapo, munthu wachikulire, anandiuza kuti maphatawo anabzala ndi malemu amuna awo. Sanandikalipire. Koma nkhope yawo sindidzaiwala. Zinatenga zaka kuti pansi pa mtengo paja pabwerere mwakale.

Safunsa anadya phula. Abale anga, ngati duwa simukulidziwa, funsani. Funsani mwini nyumba. Funsani mnzanu amene wakhalitsa pa ntchitoyi. Jambulani pa foni, mukawaonetse a ku nazale. Kufunsa sikuchotsa ulemu wa munthu.

Ndiye clivia amafuna chiyani nthawi ino? Zochepa kwambiri. Mthunzi, masamba owola pamwamba pa mizu, ndi madzi ochepa. Chinthu chimodzi chokha muyang'anitsitse. Pali mbozi yakuda ya madontho achikasu imene imaboola tsamba, n'kumatsika m'kati mwake mpaka kukafika pamtima pa mbewu. Mukaona tsamba lili ndi njira yofota m'kati, lidulireni pansi, muiphe mboziyo isanatsike. Komanso kumbukirani kuti clivia ndi wa poizoni. Zipatso zake zofiira zimakopa ana. Ngati panyumbapo pali ana aang'ono, khalani tcheru.

Tapita ku ntchito yachiwiri. Kubzala maluwa atsopano ogula ku nazale.

Abwana akutumani, kapena mwapita nawo limodzi. Maso amathamangira mbewu imene ili ndi maluwa ambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife tanena kuti masika ndi nthawi ya mizu, ndiye yang'anani mizu. Tembenuzani thumba kapena poto. Ngati mizu yatulukira pansi n'kupotana ngati nkhata, mbewuyo yakhalitsa m'menemo, yatopa. Sankhani yaifupi, yonenepa, ya masamba athanzi, ngakhale ilibe duwa ndi limodzi lomwe. Duwa lidzabwera.

Musanakumbe, imani kaye muyang'ane dzuwa. Nthawi yachisanu dzuwa limapendekera kumpoto. Malo amene mu Disembala anali padzuwa, mu Juni akhoza kukhala mumthunzi wa nyumba tsiku lonse. Khoma loyang'ana kumpoto limafunda, ndipo limasunga kutentha mpaka usiku. Pamenepo ndi pabwino kwa maluwa osalimba kwenikweni. Yang'ananinso kutsetsereka kwa malo. Mpweya wozizira umatsika ngati madzi, n'kukadikha pamalo otsika. Inu ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndikunama? Kodi chisanu chimawaula tomato kumtunda kapena kudimba, m'dambo? Gadeni ya m'tauni nayonso ili ndi dambo lake, kungodya yotsika kumene khoma latsekereza mphepo.

Tsopano dzenje. Likhale lotambalala kawiri kuposa thumba la mbewu, koma lisazame kwambiri. Dothi limene mwatulutsa musakanize ndi manyowa owola bwino. Ndati owola bwino, aja akuda, ofewa, onunkhira ngati nthaka ya m'nkhalango. Ndowe zaziwisi zimawotcha mizu. Onjezerani dzanja limodzi la ufa wa mafupa, umene m'masitolo amalemba kuti bonemeal. Umenewu umasungunuka pang'onopang'ono, ndipo ndi chakudya cha mizu.

Apa ndilankhule ndi mlimi amene ali mwa aliyense wa ife. Tinakulira pa chimanga. Tikaona mbewu, dzanja limafuna kuthira Urea kuti ibiriwire. M'munda wa chimanga mu Januwale, zimenezo n'zoona. M'gadeni ya maluwa mu Epulo, ayi. Feteleza wobereketsa masamba amatulutsa nsonga zanthete, zodzaza madzi. Usiku umodzi wachisanu, nsonga zonsezo zimapsa, ndipo mphamvu imene mbewu ikanasunga m'phata yapita pachabe. Sungani fetelezayo mpaka Sepitembala. Pano tikudyetsa mizu, osati masamba.

Mbewu ija muithirire ikadali m'thumba. Itulutseni mosamala. Ngati mizu yapotana, imasuleni pang'ono ndi zala. Ikani m'dzenje, khosi lake lilingane ndi nthaka, monga linalili m'thumba. Musalikwirire khosi. Maluwa ambiri okhalitsa amafa chifukwa chokwiriridwa mozama, khosi n'kuwola. Bwezerani dothi, tsenderani ndi manja, osati kupondaponda ndi jombo. Konzani kathamanda kozungulira. Kenaka thirirani madzi ambiri, alowe mpaka pansi, dothi ligwirane ndi mizu.

Tsopano ndifike pa nkhani imene imandipweteka mtima. Nkhani ya masamba.

Mwezi wa Meyi ukafika, m'misewu ya ku Joni mumaona matumba akuda atandandalika pa geti lililonse. M'katimo muli chiyani? Masamba. Munthu wakhala tsiku lonse akusesa, akulongedza, thukuta lili kamukamu. Mawa lake abwana apita ku sitolo kukagula manyowa a m'matumba ndi ndalama zambiri. Tataya chakudya cha nthaka, kenaka tagulanso chakudya cha nthaka. Kodi pamenepa pali nzeru?

Ife kwathu alangizi akhala akutiphunzitsa ulimi wa mleranthaka. Osatentha mapesi. Agonekeni m'munda, aphimbe nthaka, asunge chinyezi. Nzeru yomweyo ndi imene ikufunika m'gadeni. Mtengo ukamayoyola masamba, ukupereka bulangete kwa zomera za pansi pake, pa nthawi yeniyeni imene zikulifuna. Sesani pa kapinga, inde. Sesani panjira. Koma masambawo muwayale m'mabedi a maluwa, mulingo wa zala zinayi. Ngati ndi aakulu, ayendetseni kaye pansi pa makina otchetchera kapinga kuti aduke, mphepo isawaulutse.

Bulangete limeneli limagwira ntchito zingapo. Limasunga kufunda kwa nthaka kuja, mizu n'kumakulabe. Limasunga madzi. Limatsekereza udzu. Ndipo likamawola, nyongolotsi zimabwera kudzalikokera pansi. Mu Sepitembala mukadzafukula, mudzapeza dothi lakuda, lofewa. Chenjezo n'limodzi. Masamba asakhudze khosi la mbewu. Siyani kampata kozungulira, apo ayi khosi liwola, ndipo nkhono zipeza pobisala.

Ndikudziwa zimene ena mukunena. Mukuti, abwana anga amafuna gadeni yoyera, akaona tsamba limodzi amati sindinagwire ntchito. N'zoona, alipo otero. Koma lankhulani nawo mwaulemu. Apempheni bedi limodzi lokha, la kuseri, kuti muyesere. Kapena pemphani kangodya kounjikapo masamba kuti awole. Pakatha miyezi ingapo, atengereni dothi la pamenepo m'manja, alione okha. Inu si munthu wongosesa. Ndinu mlimi, mwana wa mlimi. Zimene mukudziwa za nthaka n'zamtengo wapatali, ndipo gadeniyo ikuzifuna.

Tikambe za madzi, mwachidule. Mbewu zongobzala kumene zimafuna madzi pafupipafupi masabata oyamba. Kenaka chepetsani. Kukamazizira, nthaka siuma msanga, ndipo mizu yokhala m'matope ozizira imawola. Musathirire chifukwa lero ndi Lachiwiri. Lowetsani chala. Ngati pansi pali chinyezi, dikirani. Mukathirira, thirirani kwambiri kamodzi, osati kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Ndipo nthawi yachisanu thirirani m'mawa, kuti masamba aume dzuwa lisanalowe.

Nanga chisanu chikagwa, masamba n'kuwauka? Dzanja limayabwa kufuna kudula. Duwa la canna lada bii, likuoneka ngati nsanza. Musadule. Masamba opsawo ndi denga la phata limene lili pansi. Mukawachotsa, chisanu cha mawa chifika pamtima. Komanso kudula kumadzutsa mbewu kuti iphuke, ndipo mphukirazo zipsanso. Pirirani kusaoneka bwinoko mpaka kumapeto kwa Ogasiti, kapena mpaka mutatsimikiza kuti chisanu chapita. Maluwa ena ouma ali ndi njere, ndipo mbalame zimadya pamenepo nthawi imene kutchire kulibe kanthu.

Musaganize kuti gadeni ya chisanu iyenera kukhala yakufa. Ngati pali aloe, ngati pali mtundu wa red hot poker wochita maluwa nthawi yozizira, mu Juni mudzaona moto pakati pa udzu wouma. Mudzaona timbalame ta choso tikumwa timadzi ta m'maluwa. Tsiku lina lopuma, pitani ku munda wa zomera wa Walter Sisulu ku Roodepoort. Inu a ku Cape Town, pitani ku Kirstenbosch. Zomera zambiri kumeneko zili ndi zikwangwani za mayina. Yendani pang'onopang'ono, muone chimene chabzalidwa padzuwa ndi chimene chili pamthunzi. Tsiku limodzi lotero limaphunzitsa zambiri.

Ndinalonjeza kuti ndibwera pakhomo panu, inu a kumudzi. Ndafika. Masika athu ndi omwewa. Mvula ikutha, nthaka ikadali yonyowa ndi yofunda. Ngati muli ku Zomba, ku Mulanje, ku Dedza kapena ku Mzuzu, ndipo muli ndi mpopi kapena chitsime pafupi, gawani maphata anu mwezi uno monga tafotokozera. Koma ngati madzi mumachita kukatunga kutali pamutu, ndikuuzeni zoona, musazule kanthu pano. Chilimwe chathu n'chachitali, ndipo mbewu yongogawidwa kumene singafike Novembala popanda madzi. Inu ntchito yanu ya masika ndi kuphimbira. Tengani udzu, makoko a mtedza, masamba a mango, muyale mozungulira maluwa a pakhomo. Muziyang'anamo kawirikawiri chifukwa cha chiswe. Kugawa mudzachite ndi mvula yoyamba.

Ngati mukumvera muli ku Britain, tembenuzani kalendala. Masika anu ndi Sepitembala ndi Okutobala, ndipo khoma lofunda ndi loyang'ana kumwera. Koma nkhani ya mizu ndi yomweyi.

Chinthu chomaliza. Mukagawa phata limodzi la agapanthus, mumapeza mbewu zambiri kuposa malo amene muli nawo. Zotsalazo musataye. Koma musatengenso mwakachetechete, chifukwa ndi za mwini nyumba. Pemphani. Ambiri amavomera ndi mtima wonse. Kabzaleni pakhomo pamene mukuchita lendi, ngakhale m'chidebe chobooka. Kapatseni a kumpingo, abzale m'mbali mwa tchalitchi. Kupatsa n'kuika. Tsiku lina phata lanu likadzafa, mudzakapempha mwana kwa amene munam'patsa. Chokhacho, musaike mbewu m'chikwama popita kumudzi pa Khirisimasi. Zomera sizidutsa pachipata cha dziko popanda chilolezo, chifukwa dothi ndi mizu zimanyamula matenda ndi tizilombo.

Nthawi yathu yatha. Mawa m'mawa mukafika pantchito, musanagwire tsache, pitani pabedi la maluwa. Lowetsani chala m'dothi, mumve ngati likadali lofunda. Ngati n'lofunda, thirirani phata lija madzulo, ndipo mkuja mutenge foloko.